Chitseko Chili kwa Kalipentala

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Kodi muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda, kapena akungolimbikira osanena monga mwa khalidwe lawo? Ife kuno tili bwino, ngati kukhala bwino ndi kudzuka wamoyo. Kadona wanu ali bwino kuposa ine, ndipo ndi za iye zimene ndakhalira pansi kulemba.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale m'malo moimba foni. Kuno netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo ukakwerapo umapeza anthu ali kale pomwepo, ena oimba, ena ongobwera kudzamvera. Tsiku lija ndinkangokuyankhani kuti eya, eya, ayi, sikuti ndinakwiya. Pambali panga panali mkazi wa wometa tsitsi, khutu lili tcheru, ndipo chimene wamva iyeyo m'mawa, pofika masana chimakhala chili kumsika chitavala ndi nsapato zomwe. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole yathu, ndipo ndaimata kawiri.

Mwakhala mukundiuza kuti ndimubweze Kadona kwa inu sukulu zikamatsegulira, azikhala nanu mumzinda, ine ndizivutika ndekha kuno. Munati mwana wamkazi wazaka zisanu ndi zitatu sangakulire kutchire. Munasunganso sutikesi yake ija ya zovala zabwino pamwamba pa wadiropu yanu, mukuti idikire mwini wake abwerere. Nthawi yonseyi nanenso ndinali ndi mitima iwiri. Lero ndiyankha, koma muyambe mwamva zonse, musathamangire kumapeto monga mumachitira ndi mabuku.

Paja ndinalira ndekha kuti andikweze pantchito. Anandikwezadi, n'kundiponya kuno kuti ndiziyang'anira sitolo ya kampani yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda. Walira mvula walira matope, achemwali, ndipo matope ake kuno si a m'mwambi ayi, ndi enieni, ovula munthu nsapato. Tauni yonse ndi msewu umodzi. Koyambira kuli chigayo, kothera kuli kachipatala, pakatipa ndi ife, wometa tsitsi, telala ndi mbuzi. Magetsi amabwera ngati mlendo waulemu, sakhalitsa.

Ndimasowa mumzinda, sindibisa. Ndimasowa kuyenda msewu wonse popanda wondidziwa. Kuno ndikagula nyama, pobwerera anthu atatu amandifunsa kuti kodi kwafika alendo. Ndikavala diresi latsopano akuti pali amene ndikumuvalira. Ndikavala lakale akuti kampani yasiya kutisamala. Tsiku lina ndinadutsa gogo wina osamupatsa moni chifukwa m'mutu munali za ntchito, madzulo ake uthenga unandipeza woti ndikadwala ndidzadziwa kuti anthu ndi ofunika.

Ku ntchito nakonso mutu umaima. Mumzinda munthu akalowa m'sitolo amanena chimene akufuna, kulipira, n'kumapita. Kuno mlimi amatsamiritsa njinga pakhoma, n'kundifunsa mmene ndadzukira, mmene mwana wadzukira, ndi mmene adzukira kwathu kumene iye sanafikeko n'komwe. Kenako atenge paketi ya mbewu, aitembenuze, aigwedeze pakhutu ngati ilankhula naye, andifunse ngati mvula ibwera msanga chaka chino. Ine mvula ndiidziwira kuti? Akatha zonsezo amabweza paketi pashelefu, akuti amangodzaiona, adzabwera ndi mkazi wake. Ndikati ndifulumizitse zinthu, akuti mayi wa kusitolo ndi wonyada.

Nyumba ndinapeza kwa mayi wina wamasiye amene tonse timangowatchula kuti alandilodi. Yawo ili kutsogolo, yanga ya zipinda ziwiri ili kuseri, bwalo ndi limodzi, mpanda palibe. Chimbudzi chili panja, madzi kumjigo. Tsiku loyamba, ndisanamasule n'katundu yemwe, anali atakhala kale pampando wanga akundifunsa kuti bambo a mwanayu ali kuti, ndimapemphera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani ndili wowonda chonchi pamene ndili pantchito. Zidzukulu zawo zinali zitaunjikana pakhomo, maso ali pa katundu wanga. Ndinangoti mumtima, pano pakufunika loko.

Inu mukukumbukira zimene zinandichitikira kunyumba ija ya kuseri kwa depoti ya mabasi, akuba atalowa dzuwa likuswa mtengo n'kusesa zonse, ndi tizovala ta Kadona tomwe. Oyandikana nawo onse anati sanaone kanthu. Chiyambire pamenepo ine ndimakhulupirira chitsulo, osati munthu. Choncho ndinagula loko wamkulu ngati chibakera cha alamu, n'kukhazikitsa lamulo lomwe lija la mumzinda. Kadona akaweruka kusukulu ankadzera kusitolo, ine n'kumuperekeza kunyumba, kumusiyira buledi, madzi ndi kachidebe, kutseka kunja, kiyi m'chikwama. Ndinamuuza kuti asadye za eni, ndipo asatuluke ngakhale atamuitana ndani, kufikira ine mwini nditanena. Kodi si mmene tonse tinkachitira kumeneko? Anatidabwapo ndani?

Kuno ndiye inakhala nkhani. Posakhalitsa ndinali ndi dzina, akuti Namaloko. Telala anandifunsa mwaulemu kwambiri kuti kodi mwanayo analakwa chiyani. Alandilodi anabwera kudzandiuza kuti mwana si mbuzi, komanso nayo mbuzi amaimasula masana. Ndinawayankha onse kuti mwana ndi wanga ndipo loko ndi wanga. Alandilodi anangoti chabwino, n'kumapita akupukusa mutu. Asanapite anapempha nambala yanga ya foni, ine n'kunena kuti sindinailoweze pamtima. Yawo sindinaifunse, ndinkati ya chiyani.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti mwanayu anasiya kudya madzulo. Ndiphike mpunga ndi nyemba, angotola pang'ono n'kunena kuti wakhuta. Buledi wa masana ndinkamupeza ali chikhalire. Ndinapita naye kuchipatala, adokotala n'kumukweza pasikelo, kenako kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, akuti mwanayu akunenepa, vuto lake ndi liti? Ndinagulabe mankhwala oti azimva njala. Ndinkamumwetsa m'mawa uliwonse, iye akukwinya nkhope. Nkhani imeneyi muisunge, ndibwererako.

Tsopano imvani za Loweruka lina mwezi wathawu. Feteleza anatha m'sitolo, ndipo kudepoti ya kampani, imene ili m'tauni ina kutsidya kwa mtsinje, anati sapereka katundu ngati ine sindipita kukasaina. Dalaivala anati tikanyamuka m'mawa, nthawi ya chakudya chamasana tikhala tabwera. Kunja kunali kowala bwino. Ndinamutsekera Kadona monga mwa nthawi zonse, n'kukwera lole.

Popita tinawoloka bwinobwino pa kamlatho kake kotsika. Pobwerera, achemwali, mlatho kulibe. Mvula inagwa kumapiri kumene ife sitinaione n'komwe, mtsinje n'kudzaza, madzi ofiira akudutsa pamwamba pa mlatho atanyamula mitengo yathunthu. Magalimoto ndi ngolo zinali zitaima mzere. Ndinafunsa kuti madzi aphwa nthawi yanji, anthu n'kundiyankha kuti mwina mawa, akuyankha mofatsa ngati ndafunsa njira ya kumsika.

Ndinathamanga uku ndi uku foni ili m'mwamba, mpaka ndinakwera pamwamba pa matumba a feteleza, netiweki n'kugwira pang'ono. Pamenepo ndinatsegula mndandanda wa manambala. Ndimuimbire ndani? M'foni monse munali manambala a mumzinda okhaokha, yanu, ya alamu, ya mabwana, ya mayi amene ankandikonza tsitsi. Ya munthu wa kuno ndinalibe ngakhale imodzi. Inuyo sindinakuimbireni, chifukwa mukanatani muli kutaliko, kupatula kuwadwalitsa amayi?

Dalaivala anali atakhala pamthunzi wa lole akudya nzimbe. Ndinamupempha kuti aimbire aliyense, iye n'kunena kuti foni yake yatha moto, komanso ndisadzivutitse, mwana ameneyo anthu amuona kale, ndani sakudziwa kuti Namaloko watsekera mwana n'kuwoloka mtsinje? Akunena zimenezo ine ndili pomwepo! Ndinafuna kumulanda nzimbeyo ndimukwapule nayo. Ndisanapeze wina wondithandiza nambala, mvula inatipeza, netiweki n'kuthawa.

Ndinavula nsapato kuti ndiwoloke ndi miyendo. Amayi awiri osawadziwa anandigwira, wina mkono wina diresi, akuti ngati ndikufuna mwanayo akhale wamasiye ndipite. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira ngati mwana. M'mutu munkangobwera machesi amene ndinasiya pawindo, botolo la parafini, mankhwala a makoswe a kuseri kwa kabati, ndi mdima, paja Kadona amaopa mdima. Kiyi ndinali nditamufumbata mpaka anandidinda m'dzanja. Za mmene kunachera sindilemba, mukudziwa nokha, ndinu mayi.

Madzi anaphwa kutacha. Lole itangofika pachigayo ndinadumpha isanaime, n'kuthamanga msewu wonse wopanda nsapato, anthu akundipatsa moni ngati palibe chachitika. Nditafika pabwalo ndinaona chitseko chili chotseka, loko ali pamalo pake, kuli zii. Ndinalowetsa kiyi, loko n'kutseguka, ndipo chitseko chonse chathunthu chinagwa, kutsala pang'ono kundiphwanya zala za kumapazi.

M'nyumba munali anthu. Alandilodi anali atakhala pampando wanga womwe uja, Kadona ali pakati pa miyendo yawo akumuluka tsitsi, zidzukulu zili mbwee pamphasa zikumwa tiyi m'makapu anga. Alandilodi anangondiyang'ana n'kufunsa kuti ndayenda bwanji, ndipo ndisaponde ndi matope pamene akolopa.

Nkhani yake ndinaimva pambuyo. Wanjinga wina atabweretsa mawu akuti mtsinje wadzaza, alandilodi anaitana kalipentala. Kalipentalayo anakana kuthyola loko, akuti mayi uja ndi wovuta, angatitengere kupolisi. M'malo mwake anamasula mahinjesi, chitseko n'kumatsegukira mbali inayo chitalendewera pa loko wanga. Loko wamkulu ngati chibakera, achemwali, ntchito yake inatsala yogwirizira chitseko kuti chisagwe.

Koma chimene chinandilasa mtima ndi ichi. Chitseko chitatseguka, Kadona anakana kutuluka. Anaima pakhomo, zala za kumapazi zili m'mphepete mwa simenti, akulira, akuti amayi ake sanamuuze kuti atuluke. Anamunyengerera ndi anzake, anamunyengerera ndi chakudya, mpaka anakaitana aphunzitsi ake, iye ayi. Pomaliza alandilodi anati basi, ngati mwana satuluka, alowa ndi iwo. Anatenga mphasa, nyali ndi zidzukulu zawo n'kudzagona naye momwemo. Atandiuza zimenezi ndinalowa kuchipinda ngati ndikukasintha zovala, ndipo ndinakhalitsako. Mwana wanga anandimvera mpaka kuima pakhomo lotseguka ngati pali khoma. Sindinadziwe ngati ndinyadire kapena ndidzimenye.

Za kusadya zija nazonso zinaululika tsiku lomwelo. Kuyambira kalekale, ine ndikangokhota pakona kubwerera kusitolo, alandilodi ankamupatsira mbale pakati pa zitsulo za pawindo, ikakana kulowa ankaipendeketsa. Zidzukulu zinkakhala kunja kwa windo, iye mkati, akusewera sitolo. Wogulitsa ankakhala iyeyo, ndipo akuti ankakalipira makasitomala ndi mawu anga enieni. Nditamufunsa, anati lamulo la kutuluka analisunga, koma la kudya linali lovuta chifukwa cha fungo. Tauni yonse inkadziwa, ndi adokotala a magalasi aja omwe. Ine ndekha ndi amene ndinali pakalikiliki kugula mankhwala a njala.

Musaganize kuti tsopano anthuwa ndawakonda onse. Andikwiyitsa, ndipo akundikwiyitsabe. Pa tsiku limodzi lomwelo alandilodi anaona zonse za m'nyumba mwanga. Anakwecha mapoto anga onse n'kuwayanika pabwalo kuti aliyense adziwe kuti anali akuda. Pano kumjigo akudziwa kuti matiresi anga ali pansi, kuti thaulo ndi limodzi, ndi kuti ndimasunga chithunzi cha bambo ake a Kadona pansi pa zovala ngakhale ndimanena kuti ndinawaiwala. Palibe chinasowa, n'zoona, ndinayang'ana paliponse, koma chinsinsi ndiye chinapita chonse. Akandiona amangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe, akumwetulira, ndipo kumwetulirako kumandipsetsa mtima kuposa kutukwana.

Za chitseko ndiye musanene. Kalipentala atabwera kuti achibwezeretse anapeza kuti chiswe chinadya kunsi, n'kuchisenza pamutu akuti akachikonze, abwera nacho mawa. Mawa lake mpaka lero. Ndikapita kukafunsa amandipatsa mpando, kundifunsa mmene ndadzukira, n'kundionetsa chitseko changa chitagona pamabenchi awiri, ana ake akudyerapo. Pakhomo ndapachika nsalu, pogona timatchinga ndi tebulo. Masiku oyamba tulo sitinkabwera, ndinkangoyembekezera akuba. Cholowa mpaka pano ndi nkhuku ya alandilodi basi, imene yasankha kuikira mazira m'beseni langa la zovala.

Popanda chitseko lamulo linafa lokha. Ndinamuuza Kadona ndi pakamwa panga kuti akhoza kutuluka, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona. Pano akaweruka sadzeranso n'kusitolo komwe. Ndimamva kwa makasitomala kuti ali kwa telala akutola tizidutswa ta nsalu, ali kumjigo, ali mumtengo wa mango. Mlimi aliyense amayamba wandiuza kumene wamuona asanagwedeze paketi yake. Mawondo ndi zipsera zokhazokha, tsitsi ndi fumbi, ndipo madzulo amagona ndisanamalize kumukalipira.

Ndinamufunsa ngati akufuna kupita kwa amayi ake aakulu, kumene kuli magetsi, wailesi yakanema ndi sukulu yonyamula ana pabasi. Sindinamubisire chabwino chilichonse cha kwanu. Anaganiza nthawi yaitali. Kenako anandifunsa kuti geti la kwanu lija limene limakhala lokhoma, tsiku limene inu ndi alamu mudzachedwe, adzabwere kudzamasula mahinjesi ndani. Ndinayesa kukumbukira dzina la munthu mmodzi yekha wokhala kuseri kwa mpanda wanu, osalipeza. Kodi inu mukulidziwa?

Ndikudziwa kuti mwawerenga za kumtsinje zija mukuti mwaona, si ndinanena ine. Alamu mwina anena zoposa pamenepo. Simukulakwa kutidera nkhawa, ndipo sukulu ya kuno ndi yosaukadi, ana amakhala pansi ndipo mabuku ndi olandizana. Ndizimuthandiza ndekha ndikaweruka. Koma Kadona sabwera. Akhala ndi ine konkuno, kumatope kuno, pakati pa anthu olowerera nkhani za eni awa.

Pempho langa ndi limodzi. Tsitsani sutikesi ija pamwamba pa wadiropu mumupatsire dalaivala yemweyu pobwera. Zovala zimene ali nazo zatha ndi mitengo, ndipo zabwinozo zikangokhala kumeneko zidzamuthina asanazivale. Musachotsemo diresi loyera lija poganiza kuti kuno lida. Lide, ndichapa.

Amayi musawauze za mtsinje, mungowauza kuti mdzukulu wawo wanenepa. Muwapatse moni wanga, komanso alamu, ana onse, makamaka wamng'onoyo amene ndamva kuti wayamba kuyenda, ndi azakhali mukawaona. Kadona akuti moni kwa amayi aakulu. Wandiuza ali kunja, kudzera pawindo, chifukwa kulowa akuti alibe nthawi. Alandilodi nawonso akuti ndikupatseni moni, ngakhale sindinawauze kuti ndikulemba kalata.

Mvula ikatha mudzabwere mudzatione. Mukatsika pachigayo mungofunsa kwa Namaloko, aliyense akulozerani. Mukafika pakhomo mudzangoti odi, pogogoda palibe.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Kadona